Kakompyuta ka Gelevazio Kodya Kuwiri

Atsikana inu, poti magetsi athima ndipo chigayo chaima, tulani mabeseniwo mukhale pansi. Pali mwambi wina umene anthu amakakamira kuti ndi wa makolo akalekale. Musawamvere. Mwambiwo ndi wa dzana lomweli, unabadwira pa msika wa pa Kamphepo anthu onse akuona, ndipo kubadwa kwake kunali motere.

Pamsikapo panali mwamuna wina dzina lake Gelevazio. Sanali woipa mtima, ndiponso sindinganene kuti anali mlesi. Nthenda yake inali kulota ali maso. Ukamupeza wagwira chibwano, maso ali kuphiri kumene nkhungu imatsetsereka m'mawa, unkadziwa kuti pampando patsala malaya okha, mwini wake ali kuseri kwa mitambo. Anali wamtali, wa mano oyera, mawu ake ofewa ngati papaya wakupsa. Amayi ena okwatiwa bwinobwino ankati akamadutsa pamene iye wakhala, n'kuyamba kukonza duku lomwe silinapendeke n'komwe. Maina awo ndikuwadziwa, koma lero ayi.

Ntchito yake inali kubena nyimbo. Munthu ankabwera ndi memore ya m'foni, iye n'kumuikiramo nyimbo za kwaya, za ukwati, ngakhale mafilimu a nkhonya. Anzake a ntchitoyi amakhala ndi zimakompyuta zolira ngati galimoto, koma Gelevazio anali ndi kakompyuta kosaposa sopo wosambira. Kanalibe ngakhale chovindikira. Kanali kathabwa kobiriwira, pamwamba pake pali tizitsulo tating'ono ngati mudzi umene ukuuona uli pamwamba pa phiri. Anamubweretsera ndi msuweni wake Yotamu, wogulitsa mafoni ku Lilongwe. Kakayaka kankaonetsa kanyali kofiira ngati diso la njiwa, ndipo Gelevazio ankatha kukayang'ana kanyaliko mpaka kasitomala kuchita kumugwedeza phewa.

Tebulo lake linali pakampata ka pakati pa mashopu awiri, pansi pa kadenga ka pepala la pulasitiki. Kumanzere kunali saluni ya Esinati, mtsikana wochangamuka wa pakamwa pakuthwa, ndipo m'saluniyo munali magetsi a pamtengo. Kumanja kunali okala ya a Nangozo, mayi wamasiye wojintcha bwino, wodekha poyankhula, amene anali ndi sola padenga ndi chibatire chachikulu kuseri kwa kauntala. Akazi awiriwa sankapatsana moni. Ena amati anayambana chifukwa cha madzi otsukira tsitsi amene ankayenderera mpaka pakhomo la okala. Ena amati nkhani inali dalaivala wina wa lole. Ine sindinaonepo kanthu, koma dalaivalayo anali ndi ndevu zabwino.

Woyamba kumupatsa moto Gelevazio anali Esinati. Anaboola kachibowo pakhoma, n'kudutsitsapo chingwe choyera cha chaja.

"Koma a Gele," anatero, "moto wangawu si wa pamaliro woti aliyense awothe. Mukudziwa chimene ndikunena."

"Esi, ndikudziwa," anayankha Gelevazio atagwira pamtima. "Tikangokolola, ankhoswe anga afika kwanu."

Zinthu zinayenda, koma posakhalitsa panabuka njala. Kakompyuta kotere kamadya pang'ono, koma kamakhala ndi ana ambiri ofuna kuyamwa kwa iko. Panali hadi, kabokosi kosungiramo nyimbo zonse. Panali kasikirini koonerapo, kiyibodi, ndi kena kolowetsamo mamemore. Onsewa ankayamwa moto kwa mayi mmodzi wowonda. Hadi inkayamba kulira kuti tiki, tiki, ngati nkhuku ya chitopa, kenaka zii. Nyimbo ya munthu inkadukira pakati, kwaya ili pa "Aleluya" n'kuthera pa "Ale". Kuwonjezera apo, magetsi a pamtengo mukuwadziwa khalidwe lake, si awa takhalira pansiwa?

A Nangozo ankaona zonsezi ali pakauntala pawo. Tsiku lina magetsi atathima, Esinati atapita kukagula mafuta a tsitsi, iwo anatuluka ndi kapu ya tiyi ndi sikono.

"A Gelevazio, mwamuna wabwinobwino kukhala manja lende chifukwa cha moto wobwereka? Kwanga dzuwa silithima."

Pobwera kooda katundu kutauni, anamugulira mphatso. Inali habu, kabokosi ka milomo yambiri kamene umalumikizako zinthu zonse zija, iko n'kumazidyetsa ndi moto wakewake, kuti kakompyuta kapume. Habuyo inali yotchipa, ya pamphasa za m'mbali mwa msewu, koma chingwe chake chopita kukakompyuta chinali chokongola, chabuluu, cholukidwa ngati tsitsi la mkwatibwi. A Nangozo anakoka waya kuchokera kubatire lawo, n'kumudutsitsa pansi pa chiguduli mpaka kutebulo. Kunsonga kwa wayayo kunali kachitsulo kakuda ngati chala chachikulu, kochepetsa moto wa batire kuti ukhale woyenera tinthu tating'ono.

"Koma bambo," anatero a Nangozo maso ali pansi, "ine ndine munthu wamkulu. Sindisewera."

"Mayi, ndikudziwa," anayankha Gelevazio atagwira pamtima pomwe paja. "Tikangokolola, ankhoswe anga afika kwanu."

Basi, kakompyuta kanayamba kudya kuwiri, mwini wakenso chimodzimodzi. M'mawa mandasi ochokera kumanzere, masana mpunga wa nyemba wochokera kumanja. Hadi inasiya kulira. Masaya a Gelevazio anayamba kusalala.

Tsiku lina Yotamu, msuweni wake uja, anatsika minibasi kudzaona malonda. Anasuzumira pansi pa nsalu ya patebulo, n'kuona chingwe choyera chochokera kumanzere ndi waya wochokera kumanja. Anaimba kamluzu.

"Asuweni, mwakwatira liti mitala osatiitana?"

"Tsitsa mawu, galu iwe! Makoma awa ali ndi makutu, ndiponso ndolo."

Yotamu anaseka, koma atayang'anitsitsa habu ija nkhope inasintha. Anagwira chaja choyera n'kuchizula pakakompyuta. Gelevazio anakuwa, poganiza kuti nyimbo za anthu zapita. Koma kanyali kofiira sikanathime. Kasikirini kanali mbee, ngati palibe chimene chachitika.

"Waona?" anafunsa Yotamu.

"Ndaona," anayankha Gelevazio monong'ona, maso atatuzuka. "Kali ndi mzimu."

"Mzimu wa chiyani, mutu ngati dzungu! Tamvera. Kakompyuta aka kali ndi khomo lakumaso, pamene pamalowa chaja. Pakhomo pamenepo pali mlonda, kafyuzi. Moto ukabwera wolusa, mlondayo amatseka. Tsono habu yakoyi ndi yopanda mwambo. M'malo modyetsa ana ake okha, ikubweza moto kudzera m'chingwe chabuluuchi, n'kulowa m'kakompyuta kudzera khomo lakuseri. Kuseriko kulibe mlonda. Moto wa uku ndi moto wa uko akukumana m'kati, aliyense akukankha mnzake. Tsiku limene wina adzabwere ataledzera, udzalira."

"Ndiye ndichite chiyani?"

"N'zosavuta. Ng'amba chingwe chabuluuchi pang'ono. M'kati mupezeka timawaya. Dula kofiira kokha, ndi kamene kamanyamula moto, ukulunge ndi tepi. Tinato tisiye, ndi toyendamo nyimbo. Apo ayi, kagule habu yaulemu yosabweza moto. Kakompyuta kadye mbale yake, habu idye mbale yake. Wamva?"

"Ndamva," anatero Gelevazio.

Koma atsikana inu, sanamve. Mawu a Yotamu ankamveka ngati wailesi ya nyumba yachitatu. Pa zonse zija, m'mutu mwake munangotsala mawu amodzi okoma, akuti m'kakompyuta muli mlonda. Maso ake anali pakanyali kamene kanakana kuthima, ndipo m'mutu munali mutayamba kuphuka nzeru ina, yoipa ngati bowa wa pachulu cha kumanda. Yotamu atatulutsa lezala kuti adule yekha, Gelevazio anamugwira dzanja.

"Chingwe cha mphatso sadula, asuweni. N'kulaula."

"Chabwino, akuluakulu," anatero Yotamu akukwera minibasi. "Pamaliro pake mudzandiitane, ndidzabwera ndi nkhuni."

Nzeru ija inagwira ntchito sabata yomweyo. A Nangozo anabwera ndi mpunga, n'kuona chingwe choyera chikutuluka pakhoma la saluni. Anaika mbale pansi mwakachetechete.

"Bambo, ndimayesa munasiya kudya kwa kamtsikana ako."

Gelevazio anamwetulira ngati mngelo wa pakhoma la tchalitchi. "Mayi, ichi? Ichi n'chingwe chakufa, ndimangochisiya kuti mwana wa eni asachite manyazi. Taonani." Anachizula. Kanyali kanali phee, kofiira, kamoyo. "Mwaona? Kamoyo kake n'kanu. Ngakhale dziko lonse litathima, ife tidzayakabe ndi dzuwa lanu."

A Nangozo anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Tsiku limenelo pampunga panabwera chiwindi.

Mawa lake Esinati akusesa, tsache linakoka chiguduli, waya wa a Nangozo n'kuonekera.

"A Gele! Njoka iyi ikuchokera kuti?"

"Esi, usakweze mawu. Mayi aja ndi achikulire, anandikakamiza, ndinawamvera chisoni. Koma wayayu sagwira ntchito. Taona." Anazula moto wa habu. Ana onse aja anathamangira kuyamwa kwa kakompyuta, kasikirini kanachita ngati kakomoka, koma sikanathime. Pakona pake panatuluka kachizindikiro ka mphezi, kamene kamatanthauza kuti moto wachepa.

"Nanga kamphezi ako?" anafunsa Esinati.

"Ako kamatuluka iwe ukayandikira. Ngakhale makina akudziwa kuti umang'anima."

"Mabodza!" anatero Esinati, koma anabwerera m'saluni akuyenda monyang'wa, tsache ataliiwala panja. Gelevazio anabwezera waya msangamsanga hadi isanayambe kulira.

Kuyambira pamenepo munthu uja anasiya kuponda pansi. Masana kukatentha, makasitomala atachepa, ankatsamira khoma n'kumayang'ana kanyali kake mpaka kayambe kukula. Kankakula ngati mwezi wofiira wotuluka nthawi ya lupsa. Pansi pa mweziwo ankaona nyumba yake, yomangidwa pamwamba pa phiri, nkhungu ikuyenda m'munsi ngati nkhosa. Nyumbayo inali ya makomo awiri. Khomo lina linkanunkhira mafuta a tsitsi, lina linkanunkhira buledi ndi sopo wa m'katoni. Iye anali gone pakati, pamphasa yatsopano, nyimbo zikudontha kuchokera kudenga ngati uchi. Dzanja lina linkamupesa, lina linkamupatsa tiyi. M'nyumba imeneyo munalibe munthu wofunsa kuti, "Nanga ankhoswe afika liti?" Anthu anakolola, chimanga chinalowa m'matumba, mphepo ya Juni inadutsa, dzuwa la Okutobala linafika, Gelevazio ali m'nyumba yake ya m'mitambo. Akafunsidwa ankati amalume ake akudwala mwendo.

Nthawi zina chingwe chabuluu chija chinkafunda, ndipo pakakompyuta pankamveka kafungo ngati ka lamba wa chigayo. Gelevazio ankangokapepesa ndi chikatoni. "Muli mlonda," ankadziuza.

Koma akazi salota nthawi yaitali ngati amuna. Aliyense payekha anaganiza zoti amufulumizitse. Mukudziwa kuti pachinkhoswe mkazi ndi mwamuna amavala nsalu imodzi, delesi ndi malaya zofanana. Esinati anagula nsalu yachikasu ya mbalame, n'kupita nayo kwa a Chimtengo, telala wa pamsikapo. A Nangozo anagula yobiriwira ya makiyi, n'kupita nayo kwa a Chimtengo omwewo, poti telala analipo mmodzi. Aliyense ananong'ona kuti, "Musokenso malaya aamuna. Muyezo wake ndi wa a Gelevazio, koma musauze munthu."

A Chimtengo anali mkulu wachete, wa magalasi omangidwa ndi ulusi, koma m'mimba mwawo munkakhala chiseko chosatha. Sanauze munthu, monga analonjezera. Anangosoka.

Linali tsiku la msika, kumayambiriro kwa dzinja. Kuyambira m'mawa kunja kunali chifundi, mitambo yakuda itaunjikana kuphiri. Anthu anali pikitipikiti. Patebulo la Gelevazio panali mzere, ndipo milomo yonse ya habu inali yodzaza. Iye anali atayambanso kutchajira anthu mafoni pomwepo. Panali foni ya wogulitsa usipa, ya mphunzitsi wa kwaya, ndi ya Esinati mwini wake, yatsopano, ya chikuto chonyezimira, imene anaisiya kuti aikiremo nyimbo za m'saluni.

Ndi pamene a Chimtengo anatulukira, tepi ili m'khosi, sizasi ili m'thumba, malaya awiri atawapachika pamkono. Anaima kutsogolo kwa tebulo n'kuwatambasula bwinobwino kuti aliyense aone, a mbalame kudzanja ili, a makiyi kudzanja linali.

"A Gelevazio," anatero mokweza ngati akulengeza kutchalitchi, "ndabwera kuti muyese malaya anu a chinkhoswe. Tiyambe ati, a kumanzere kapena a kumanja?"

Msika wonse unatembenukira kutebuloko. Ngakhale mbuzi imene inkalira pa bucha inacheuka.

Gelevazio anamva ngati wagwa kuchokera pamwamba pa phiri lake lija. Esinati anatuluka m'saluni chipeso chili m'manja, kasitomala atamusiya mutu theka. A Nangozo anatuluka mu okala akumanga chitenje m'chiuno, ndipo mayi akamanga chitenje kawiri mumadziwa kuti sakupita kukapemphera.

"Nsalu ya makiyiyo ndi ya yani?" anafunsa Esinati.

"Ndi yanga, mwana iwe," anayankha a Nangozo. Aka kanali koyamba kuyankhulana chichokereni dalaivala uja. "Ndipo woivalayo ndi wanga. Amadya moto wanga."

"Moto wanu? Kadzuwa kanu ka m'botolo? Waya wanu anamuzula ine ndikuona, makina osathima!"

"Chingwe chako ndi chimene anazula ine ndikuona!"

Onse awiri anatembenukira kwa Gelevazio. Anthu anayandikira, ena anakwera pamatumba a makala kuti aone bwino.

"Amayi," anayamba Gelevazio, mawu a papaya aja atasanduka madzi, "nkhani ya magetsi ndi yovuta. Imafuna kukhala pansi..."

"Palibe kukhala pansi," anatero Esinati. "Tione lero ngati kangakhale popanda ine." Anagwira chingwe chake choyera n'kuchizula.

Tsiku limene Gelevazio anaonetsa a Nangozo matsenga aja, pahabu panalibe katundu wambiri. Lero panali mafoni a mudzi wonse, hadi, kasikirini, ndiponso kakompyuta kakuyamwa chakuseri. Kachitsulo kakuda kochepetsa moto kaja sikanathe kudyetsa khamu lonselo. Kasikirini kanayamba kuphethira. Kamphezi kanatuluka pakona. Hadi inati tiki, tiki. Kanyali kofiira kanayamba kuzilala ngati khala lothiridwa phulusa.

"Hede!" anakuwa Esinati akuwomba m'manja. "Anthu inu, bwerani mudzaone moto wa nkhalamba! Ukutha mpweya pokwera chitunda!"

Anthu anafa nacho chiseko. Nkhope ya a Nangozo inagwa. Anayang'ana Gelevazio, n'kuyankhula motsitsa, ndipo kutsitsako n'kumene kunali koopsa.

"Bambo, munati dziko lonse litathima tidzayakabe ndi dzuwa langa. Aonetseni anthuwa. Mukandichititsa manyazi pano, musadzapondenso pakhomo panga."

Apa munthu wanzeru akanagwada n'kunena zoona, mwina akanatsala ndi mmodzi. Koma Gelevazio ankafunabe nyumba yake ya makomo awiri. Anaganiza mwachangu kuti, ndikawasangalatsa a Nangozo tsopano, Esi ndimunyengerera madzulo, mtima wake ndi wa mwana. Maso ake anagwera pa kachitsulo kakuda kaja. Kanali katatentha. Eya, anati mumtima, wakuba ndi ameneyu! Batire lonse lija, lalikulu ngati mwana wa ng'ombe, moto wake ukuthera m'kakhosi ka kanthu aka. Ndikakachotsa, moto ubwera wonse. Ukachuluka, si muli mlonda?

"A Chimtengo, bwerekeni sizasi."

"Ndi ya nsalu, bambo."

"Bwerekeni!"

Anadula waya uku ndi uku, kachitsulo kaja n'kukataya pansi. Anasenda nsonga ndi mano. Nkhope inali itayamba kale kumwetulira. Pa nthawi yomweyo Esinati, poona kuti kanyali katsala pang'ono kufa, anafuna kuti msika wonse uone amene amaukitsa akufa. "Sunthani, ndikapulumutse kamwana kanga," anatero, n'kubwezera chaja chake choyera pakhomo lakumaso. Gelevazio naye anapotokola mawaya a batire n'kuwalumikiza kuhabu.

Atsikana inu, kwa kamphindi kochepa ngati kuphethira kwa diso, Gelevazio anaona ulemerero. Kasikirini kanawala kuti mbee, kuyera kuposa nsalu ya paguwa. Kanyali kofiira kanakula, kanakula, mpaka kufanana ndi mwezi wa m'maloto ake uja. Anaona nyumba yake pamwamba pa phiri, makomo onse awiri ali otsekula, nkhungu ikuvina m'munsi. Anatsegula pakamwa kuti anene kuti, "Mwaona?"

Thu!

Moto wa batire, wosachepetsedwa, unalowa m'habu ngati ng'ombe yolusa m'dimba. Unagawikana m'milomo yonse, n'kulowa m'foni iliyonse. Wotsala unathamanga m'chingwe chabuluu, m'kawaya kofiira kamene Yotamu anati kadulidwe, n'kulowa m'kakompyuta chakuseri. Mlonda anali pakhomo lakumaso, akuyang'ana kumsewu, osadziwa kuti nyumba ikupsa kumbuyo kwake. Utsi unati tolo. Chaja cha Esinati chinalira kuti thi, n'kuda ngati chikuni. Waya wa a Nangozo anafuka pansi pa chiguduli mpaka kukhoma, ndipo wailesi imene inkaimba mu okala inangoti zii pakati pa uthenga wa maliro. Fungo lake linali ngati mbuzi yowauka.

Kenaka kunayamba kulira kwa amoyo.

"Foni yanga!" anakuwa wogulitsa usipa. "Muli manambala a ku Salima onse!"

"Nyimbo za Khirisimasi!" analira mphunzitsi wa kwaya. "Tiimba chiyani, mluzu?"

Esinati anatola foni yake yonyezimira, n'kuidina, n'kuigwedeza, n'kuiika kukhutu. Inali yakufa ngati mwala. Sanatukwane. Anangomuyang'ana Gelevazio kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kutsonya kotalika kumene sindinakumvepo chibadwire.

Mwina anthu akanamumenya, koma kumwamba kunamuchitira chifundo cha mtundu wake. Mphepo inabwera kuchokera kuphiri, n'kunyamula kadenga ka pulasitiki kaja kupita nako kumunda wa eni. Bingu linagunda. Madontho oyamba anagwa akuluakulu ngati mazira a njiwa, kenaka mvula inakhuthuka ngati wina wagubuduza mgolo. Anthu anatola mitembo ya mafoni awo n'kubalalika, aliyense akukuwa kuti, "Tionana, Gelevazio! Usasamuke!"

Iye anatola kakompyuta kake kopserera, n'kukafungatira pachifuwa ngati kamwana ka nkhuku. Anathamangira kumanzere. Chitseko cha saluni chinali chotseka.

"Esi! Esi, nditsegulire, ndikufotokozere!"

"Pitani kwa eni dzuwa akakuwothetseni!"

Anathamangira kumanja. Chitseko cha okala chinali chotseka, ndi mpiringidzo womwe.

"Mayi! A Nangozo! Ndine, mwana wanu!"

"Ine ndilibe mwana wa ndevu. Pitani akakuumitseni ndi dilaya ya tsitsi."

Anabwerera kumanzere, anabwereranso kumanja, matope akumuthimbirira mpaka m'mawondo. Ali pakati, anamva zenera la okala likutseguka. Anatembenukirako akumwetulira. Koma a Nangozo sanayang'ane iye. Anaponya mawu pamwamba pa mutu wake.

"Amwali! Esinati! Denga lanu lija limadontha. Zungulirani kuseri, tiyi wapsa."

"Ndikubwera, amayi!" anayankha Esinati. "Ndibwere ndi shuga?"

Gelevazio anaima pakampata kake, madzi akutsika m'mutu, kulowa m'khosi, kutulukira m'miyendo ya buluku. Tsidya la msewu, pakhonde la telala, anthu anali atadzazana ngati nkhuku, onse akumuyang'ana. Kutsogolo kwawo kunali a Chimtengo, malaya awiri aja ali pamkono, ouma bwinobwino. Mkuluyo anamva kachisoni pang'ono.

"A Gelevazio!" anaitana. "Mufa ndi chibayo. Bwerani muvale malaya ouma. Koma ndikupatsani amodzi okha, enawo ndibweza kwa mwini wake. Nenani, a mbalame kapena a makiyi?"

Gelevazio anafika pakati pa msewu n'kuima. Anayang'ana a mbalame. Anayang'ana a makiyi. Anacheukira kusaluni, anacheukira ku okala. Anagwira chibwano. Mvula inkamukwapula kumsana, madzi a mumsewu akumudutsa m'mapazi, koma maso ake anali atayamba kale kupita kutali, ndipo anthu anamumva akudziyankhulira kuti, "Komatu onsewa akundikhala..."

Khonde lonse linagwa nacho chiseko. A Chimtengo anavula magalasi awo n'kupukuta misozi. Anapinda malaya aja mosamala, n'kunena kuti, "Abale anga, mbusa wa mbuzi kuphiri uko, amene amadziwa phanga limodzi lokha, panopa ali phee, wouma, akukazinga chimanga. Koma taonani mwini chuma uyu. Mapanga awiri avumbwitsa!"